Mutu 9: Sukulu za Chikhalidwe ku Ireland ndi Chuma cha Angoni a ku Ntcheu

Mwezi wa Juni ukafika, mayunivesite ambiri a ku Ulaya ndi ku America amatsekera. Ophunzira ena amabwerera kwawo, ena amakasaka maganyu, koma pali gulu lina limene limakwera ndege kupita ku Ireland, chilumba chimene chili kumadzulo kwa Britain. Kumeneko amakalembetsa maphunziro a milungu itatu kapena inayi, okhala ndi aphunzitsi, mayeso ndi mamalikisi amene yunivesite yawo imakawawerengera akabwerera. Phunziro lake ndi anthu a ku Ireland eniakewo: chiyankhulo chawo, mbiri yawo, nyimbo, magule, nthano ndi masewera awo.

M'mutu uno tiona mmene maphunziro amenewa amayendera ndiponso kumene anachokera. Tikatero tibwera kwathu ku Ntcheu, kwa Angoni a Maseko, chifukwa mbiri ya magulu awiriwa a anthu ili ndi bala lofanana: onse anaona chiyankhulo cha makolo awo chikuzimirira m'kamwa mwa ana awo. Anthu a ku Ireland anapeza njira yoti achinyamata azikaphunzira chikhalidwe m'nyumba za eni ake, ndipo njira imeneyi ndi yoti Ntcheu ingaikwanitse.

Mmene maphunzirowa amayendera

Nyengo imene iwo amati yotentha ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti. Munthu wa ku Lizulu kapena ku Tsangano atafikako sangaone kutentha kwenikweni, pakuti masana ake amafanana ndi a kwathu kumapiri m'nyengo yachisanu, ndipo mvula yowaza imagwa nthawi iliyonse. Chodabwitsa ndi kutalika kwa usana: mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Ndiye kuti ophunzira akaweruka m'kalasi amakhalabe ndi nthawi yochuluka yoyendayenda ndi kucheza ndi anthu.

Chitsanzo chodziwika ndi University of Galway, imene inakhazikitsidwa mu 1845 kugombe la kumadzulo. Wophunzira wochokera kunja amasankha maphunziro angapo, monga mbiri ya dzikolo, zolembalemba, zofukulidwa m'mabwinja, nyimbo ndi magule a makolo, kapena moyo wa anthu lero. Masiku ena amakhala a m'kalasi, ena ndi a ulendo. Amawoloka nyanja kupita ku zilumba za Aran, kumene anthu amayankhulabe Chiayirishi pakhomo, ndipo kumeneko amakwera kukaona linga lakalekale la miyala la Dún Aonghasa, lomangidwa m'mphepete mwa phompho loyang'ana kunyanja. Ena amapita ku Clonmacnoise, m'mbali mwa mtsinje wa Shannon, kumene amonke anayamba kukhala zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Ku Dublin, m'nyumba ya mabuku ya Trinity College, amakaona Book of Kells, buku la Mauthenga Abwino anayi lolembedwa ndi kukongoletsedwa pamanja cha m'ma 800.

Palinso sukulu zina zimene sizili pansi pa yunivesite koma zimakopa anthu ochokera kutali. M'tauni ya Sligo muli sukulu ya pachaka yophunzira ndakatulo za W. B. Yeats, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1923. Ku Miltown Malbay, m'chigawo cha Clare, kuyambira 1973 anthu amasonkhana mlungu wathunthu mu Julayi kuphunzira kuimba ndi kuvina, pokumbukira katswiri woimba zitoliro Willie Clancy. Ku Gleann Cholm Cille, m'chigawo cha Donegal, bungwe la Oideas Gael lakhala likuphunzitsa akuluakulu chiyankhulo kuyambira 1984. Malo onsewa ndi matauni ang'onoang'ono kapena midzi, ndipo aphunzitsi ambiri a nyimbo ndi magule anaphunzira luso lawo kwa makolo ndi anansi.

Njala imene inadya chiyankhulo

Sukulu zimenezi zinabadwa m'chisoni. Ireland inalamulidwa ndi Angerezi zaka mazanamazana. Chingerezi ndicho chinali chiyankhulo cha khoti, cha malonda ndi cha ntchito, ndipo sukulu za boma zimene zinayamba mu 1831 zinkaphunzitsa m'Chingerezi. Chiayirishi chinatsala kwa alimi osauka, makamaka a kumadzulo, amene chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku chinali mbatata ya kachewere.

Mu 1845 mbatatayo inagwidwa ndi chiwawu, matenda omwewa amene alimi a ku Tsangano amalimbana nawo mvula ikachuluka ndi nkhungu. Masamba ankada, mbatata n'kuwolera m'nthaka. Matendawa anabwereza zaka zotsatizana, ndipo pofika 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa ndi njala ndi matenda, enanso oposa 1 miliyoni atathawira ku America, ku Canada ndi ku Britain. Dziko limene linali ndi anthu oposa 8 miliyoni linayamba kuchepa. Amene anafa ndi kuthawa kwambiri anali aja oyankhula Chiayirishi. Makolo otsala anaona kuti mwana wodziwa Chingerezi ndiye adzapeze ntchito kutsidya kwa nyanja, choncho ambiri anasiya dala kuyankhula ndi ana awo m'chiyankhulo cha agogo awo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anthu ena anadzidzimuka. Mu 1884 anakhazikitsa Gaelic Athletic Association kuti ateteze masewera a makolo monga hurling, amene amaseweredwa ndi ndodo ndi kampira kolimba. Mu 1893 Douglas Hyde ndi anzake anayambitsa Gaelic League kuti apulumutse chiyankhulo. Hyde yemweyu anadzakhala pulezidenti woyamba wa Ireland mu 1938. Anthuwa anazindikira msanga kuti buku palokha silingaphunzitse munthu kuyankhula. Ndiye mu 1904 anatsegula koleji ya patchuthi m'mudzi wa Ballingeary, m'chigawo cha Cork, kuti aphunzitsi ndi ena ofuna kuphunzira azikakhala pakati pa anthu amene anayamwira chiyankhulocho.

Mayi wa pakhomo

Madera amene Chiayirishi chimayankhulidwabe amatchedwa Gaeltacht, ndipo ambiri ali m'zigawo za Donegal, Mayo, Galway ndi Kerry. Chaka chilichonse achinyamata oposa 20,000, ambiri mwa iwo a kusekondale a m'dziko momwemo, amapita kumeneko kwa milungu iwiri kapena itatu. Ambiri amagona m'nyumba za anthu. Mayi wa pakhomopo, amene amamutchula kuti bean an tí, amawaphikira, kuwalangiza ndi kuwayankhula m'Chiayirishi kuyambira m'mawa mpaka usiku. M'mawa amapita m'kalasi, masana amasewera, madzulo amasonkhana m'holo kuvina magule a makolo pa mwambo wotchedwa céilí. Makoleji ena ndi okhwimitsa lamulo moti wopezeka akuyankhula Chingerezi amabwezedwa kwawo.

Ndalama zimene makolo amalipira, kuphatikizapo zimene boma limaonjezera pa wophunzira aliyense, zimafika m'manja mwa mabanja a m'midzimo. Apa ndiye pagona nzeru. Banja limene lasunga chiyankhulo limaona phindu lake, ndipo mwana wa m'nyumbamo amakula akuona anthu a m'tauni akubwera kudzaphunzira kwa amayi ake.

Chinthu china chimene anthu a ku Ireland anachita n'chosavuta kutengera. Mu 1935 boma linakhazikitsa Irish Folklore Commission kuti isonkhanitse nthano ndi miyambo. Mu 1937 ndi 1938 bungweli linapempha ana a sukulu za pulayimale kuti afunse agogo awo ndi anansi okalamba, n'kulemba zimene amva: nthano, miyambi, zilape, mankhwala azitsamba, mayina a minda ndi zitsime, ndi zimene ankakumbukira za njala ija. Ana oposa 50,000 a m'sukulu pafupifupi 5,000 analemba masamba pafupifupi 740,000. Makope amenewo amasungidwa ku University College Dublin, ndipo lero munthu akhoza kuwawerenga pa intaneti n'kupeza dzina la mudzi wa agogo ake.

Tisaganize kuti bala linapola lonse. Pa kalembera wa 2022, anthu pafupifupi 1.9 miliyoni ananena kuti amatha kuyankhula Chiayirishi, koma amene amachiyankhula tsiku lililonse kunja kwa sukulu anali pafupifupi 72,000 okha. Komabe chiyankhulo chimene anthu ankati chifa chili ndi wayilesi yake kuyambira 1972, kanema wake kuyambira 1996, ndipo mu 2007 chinakhala chimodzi mwa ziyankhulo zovomerezeka za European Union. Nyimbo ndi magule ake zafika padziko lonse.

Angoni a Maseko

Tsopano tibwere kwathu. Boma la Ntcheu, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 650,000, ndi likulu la Angoni a Maseko. Makolo awo ananyamuka kumwera kwa Africa, kudera la Eswatini wa lero, m'nthawi ya nkhondo za m'zaka za Shaka. Anawoloka Zambezi, n'kuyenda mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania motsogozedwa ndi Mputa. Mputa ataphedwa, Chidyaonga anawabweza kumwera, ndipo cha m'ma 1870 anakhazikika pa phiri la Domwe, limene lero lili m'boma la Angónia ku Mozambique. Pambuyo pake ufumu unapita kwa Chikuse, amene anamwalira mu 1891. Mkangano umene unabuka pakati pa mwana wake Gomani ndi Kachindamoto ndiwo unachititsa kuti a Kachindamoto akakhazikike ku Mtakataka, m'boma la Dedza.

Mu Okutobala 1896 asilikali a boma la atsamunda anagwira Gomani woyamba, potsatira mkangano wa msonkho ndi wa anthu ake amene ankapita kukagwira ntchito kwa azungu. Angoni amasimba kuti iye anakana kuyenda atamangidwa ngati kapolo, ndipo anamuwombera panjira. Manda ake ali ku Nkolimbo, pafupi ndi boma la Ntcheu. Mwana wake, Inkosi Philip Gomani wachiwiri, anaimanso nji mu 1953 pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma, makamaka a zamalimidwe. Boma linamuchotsa paudindo ali wodwala, ndipo mbusa wa mpingo wa Anglican, Michael Scott, amene anali naye pothawira mbali ya Mozambique, anathamangitsidwa m'dziko muno. Gomani wachiwiri anamwalira mu 1954. Lero mpandowu uli ndi Inkosi ya Makhosi Gomani wachisanu, ndipo likulu lake ndi Lizulu.

Chingoni chinazimirira m'njira yosiyana ndi ya ku Ireland. Angoni enieni anali ochepa poyerekeza ndi anthu amene anawagonjetsa ndi kuwatenga m'njira. Amuna anakwatira akazi oyankhula Chichewa, ndipo mwana amayamba ndi chiyankhulo cha amene akumubereka kumsana. Amishoni atafika, monga a Zambezi Industrial Mission ku Dombole, a Baptist ku Gowa ndi ansembe a Montfort amene anatsegula mishoni ya Nzama mu 1901, anaphunzitsa ndi kulalikira m'Chinyanja. Pofika 1968, pamene Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko, Ntcheu inali itayamba kale kuchiyankhula pakhomo paliponse.

Koma Ungoni sunathere pomwepo. Ukadali m'nyimbo za ngoma, zimene amuna amavina atanyamula chishango ndi chibonga, akuponda pansi mwamphamvu amayi akuwomba m'manja ndi kuthira mang'ombe. Ukadali mu uyeni, mu msindo ndi mu ligubo. Ukadali m'ziwongo monga Maseko, Ngozo ndi Nzunga, m'mawu olonjera mfumu akuti Bayethe, m'mwambo wa maliro ndi wolonga mafumu. Chaka ndi chaka, cha mu Seputembala, anthu amasonkhana ku Nkolimbo pa Umhlangano wa Maseko, ndipo amabwera ndi ochokera kwa mafumu monga Njolomole, Kwataine, Mpando, Champiti, Makwangwala ndi Ganya, komanso abale a ku Mozambique ndi maiko ena. Vuto ndi lakuti achinyamata ambiri amaimba nyimbo za ngoma osadziwa tanthauzo la mawu ake, ndipo okalamba amene angawamasulire akutha mmodzimmodzi.

Alendo anayamba kale kudzaphunzira

Anthu akunja anaona kale kuti ku Ntcheu kuli zoti aphunzire. M'zaka za m'ma 1930, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku Britain, Margaret Read, anakhala pakati pa Angoni a Gomani ndi a ku Mzimba. Analemba mabuku awiri odziwika, The Ngoni of Nyasaland la 1956 ndi Children of Their Fathers la 1959, limene limafotokoza kaleredwe ka ana. Nthawi imeneyo anapeza okalamba oyankhulabe Chingoni, ndipo zambiri zimene tikudziwa za mibadwo imeneyo zinapulumuka chifukwa iye analemba. Chomvetsa chisoni n'chakuti mabukuwa amapezeka mosavuta m'nyumba za mabuku za ku London kusiyana ndi m'sukulu za kwa Njolomole.

Pafupi ndi Ntcheu, ku Mua m'boma la Dedza, wansembe wa ku Canada, bambo Claude Boucher, anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976. Nyumba yake yosungiramo zakale ya Chamare imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo alendo akhala akupitako kukachita maphunziro a masiku angapo a chikhalidwe. Ichi ndi chitsanzo cha m'dziko mwathu momwemuno chosonyeza kuti anthu amalolera kulipira ndi kuyenda mtunda wautali pofuna kumva za makolo athu.

Ubale wa Ireland ndi Malawi nawonso si wachilendo. Ansembe, masisitere ndi mabulaza a ku Ireland agwira ntchito zaka zambiri m'dayosizi ya Mzuzu. Dziko la Ireland linatsegula ofesi ya kazembe wake ku Lilongwe mu 2007, ndipo lakhala likuthandiza ndondomeko ya Mtukula Pakhomo m'maboma a Balaka ndi Ntcheu, komanso ntchito zotukula ulimi wa mbatata. Boma lawo limaperekanso mwayi kwa Amalawi wokachita digiri yachiwiri m'mayunivesite a kumeneko. Ubale umenewu wadziwika kwambiri ndi thandizo la ndalama. Pa nkhani ya chikhalidwe mbali zonse ziwiri zili ndi chopereka, ndipo ubale wotero umalemekeza onse.

Zimene Ntcheu ingachite

Sukulu ya chikhalidwe siyamba ndi nyumba zansanjika. Imafuna okalamba odziwa, mabanja olandira alendo, chilolezo cha mafumu, ndi yunivesite yovomereza kuti zimene wophunzira waphunzira m'mudzi n'zoyenera mamalikisi. Zonsezi zilipo. University of Malawi ili ndi Centre for Language Studies, imene inayamba mu 1996. Malawi University of Science and Technology ku Thyolo ili ndi Bingu School of Culture and Heritage. Nyengo yabwino ilinso poyera: Julayi mpaka Seputembala, anthu atakolola, misewu ya kumidzi ili youma, ndipo maphunziro akhoza kuthera pa Umhlangano.

Wophunzira akhoza kukhala milungu itatu pabanja lina kwa Mpando kapena kwa Chakhumbira. M'mawa n'kuphunzira mbiri ya Amaseko ndi mawu a Chingoni amene ali m'nyimbo. Masana n'kukhala pansi ndi wosoka zishango, wofulula masese kapena mlimi wa kachewere. Madzulo n'kulowa m'bwalo kuphunzira kuponda ngoma. Tsiku lina n'kupita ku Nkolimbo, ku Nzama, kumsika wa Lizulu kumene msewu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo zikalata zikalola, n'kukafika ku Domwe.

Pali zinthu zitatu zofunika kuzisamala. Choyamba, ophunzira oyamba akhale ana a ku Ntcheu komweko, kuphatikizapo aja anabadwira ku Ndirande, ku Kawale, ku Bulawayo kapena ku Johannesburg. Sukulu za ku Ireland zimakopa alendo lero chifukwa zinayamba ndi kuphunzitsa eni dziko. Chikhalidwe chokonzedwera alendo okha chimasanduka chionetsero, gule n'kumafupikitsidwa kuti agwirizane ndi nthawi ya basi.

Chachiwiri, malipiro afike kwa amene akuphunzitsa. Gogo womasulira nyimbo ya ligubo ndi mphunzitsi, ndipo dzina lake lilembedwe pa zimene wanena, monga mmene timalembera dzina la wolemba buku. Mayi wophikira alendo alandire ndalama yake m'manja, osati kudzera mwa anthu asanu.

Chachitatu, zojambulidwa zonse zitsale kwawo. Lero foni ya m'manja imajambula mawu ndi zithunzi bwino kuposa makina amene akatswiri akale ankanyamula. Wophunzira aliyense asiye kope ya zimene wajambula ku likulu la mfumu ndi kusukulu ya m'deralo. Ndipo pali miyambo ina, monga ya kumanda a mafumu ndi ya chinamwali, imene eni ake ali ndi ufulu wokana kuti ijambulidwe. Mlendo wophunzitsidwa bwino amadziwa pamene ayenera kubweza foni m'thumba.

Ntchito imene ingayambe ngakhale chaka chino, popanda kudikira thandizo lakunja, ndi ija ya ana a sukulu. Mphunzitsi wa Sitandade 7 ku Gowa, ku Bilira kapena ku Kasinje akhoza kupatsa ana ake ntchito ya kunyumba yakuti afunse agogo awo chiwongo chawo ndi chiyambi chake, nyimbo imodzi ya ngoma ndi tanthauzo lake, dzina la mtsinje kapena phiri la kwawo ndi nkhani yake. Akulu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma nzeru zawo zimathandiza ngati wina wapita kukazifunsa iwo ali moyo. Makope amenewo atasonkhanitsidwa boma lonse n'kusungidwa pamalo amodzi, wophunzira wa ku Zomba, wa ku Mbabane kapena wa ku Galway adzapeza poyambira, ndipo mwana amene anawalemba adzakhala atayamba kale kuphunzira.